Thengo la Pafupi ndi Sukulu: Kuyenda ndi Ana Kukaona Mitengo ndi Nyama kwa Dambe

Mawu Oyamba

Aphunzitsi ambiri akamva za ulendo wokaona zachilengedwe, maganizo awo amathamangira ku nkhalango ya nyama ya Kasungu. Amayamba kuwerengera mtengo wa galimoto, chakudya cha ana ndi ndalama zolowera pachipata, ndipo akaona kuti thumba la sukulu silingakwanitse, ulendowo amausiya. Chaka chimatha ana osatulukako m'kalasi, ndipo za zomera ndi nyama amangoziphunzira pabolodi. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mphunzitsi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe, m'boma la Mchinji, ali nawo kale malo ophunzitsiramo mutu umenewu, ndipo ambiri mwa malowo angafikidwe wapansi pasanathe ola limodzi. Chofunika ndi kudziwa kowapeza, kayendedwe kake, ndi chochita nazo zimene ana aona.

Ntchitoyi siyoti n'kuizengereza. Kalembera wa 1998 anapeza anthu 324,941 m'boma la Mchinji, pamene wa 2018 anapeza anthu 602,305. Onsewa afuna minda, nkhuni, mitengo yomangira ndi njerwa zootcha. Ndiponso kuyambira m'zaka za m'ma 1970 minda ikuluikulu ya fodya inachuluka m'bomali, ndipo fodya amadya mitengo pawiri: pomanga zigafa ndi poumitsa masamba ndi moto. Motero thengo latsala m'zigamba. Tsiku lina tinapempha ana a Sitandade 6 kuti alembe maina a mitengo imene amaidziwa. Pafupifupi onse analemba mango, bulugama ndi malaina, koma olemba mombo kapena mtondo anali owerengeka. Mtengo ukatha, dzina lake limatha nawo, ndipo mwana amene sadziwa dzina la mtengo sadandaula ukagwa.

Malo Amene Tingapiteko

Malo oyamba ndi tchire lophukiranso, kaya ndi munda wogonera, malire a esiteti, kapena nkhalango ya mudzi. Lamulo la Nkhalango la 1997 limalola nyakwawa kupatula malo otere ndi kuwaika m'manja mwa komiti ya m'mudzi. Tisawapeputse chifukwa choti mitengo yake njaifupi. Mitengo ya mtundu wa mombo, tsamba, mchenga ndi mtondo ikadulidwa siifa msanga, pakuti mizu yake imakhala yamoyo pansi ndipo chitsa chimatulutsa mphukira. M'tchire lotere mwana angapezemonso msuku, muula, mpoza, mateme, nthudza, msolo ndi mlombwa.

Malo achiwiri ndi dambo. Dera lino ndi lathyathyathya, ndipo madzi ake amatsika pang'onopang'ono m'madambo kunka ku mitsinje ya Rusa ndi Bua. Dambo limasunga madzi a dzinja ndi kuwatulutsa m'chilimwe, n'chifukwa chake zitsime ndi madimba ziri m'mphepete mwake. Kumeneko ana adzaona kakowa akulondola ng'ombe, achule, nkhanu, mabango, ndi mitengo yokonda madzi monga katope ndi mkuyu. Akachita mwayi adzaona chisa cha nantchengwa, chimene chimakula mpaka kupitirira mita imodzi ndi theka.

Malo achitatu ndi kaphiri ka miyala, kumene kalipo pafupi. Popeza khasu silifikako, pamakhala mitengo yakale, abuluzi, agulo, ndipo mwina apusi kapena mbira. Pamwamba pake ndi pabwino kuonetserapo ana dziko lawo lonse: minda, madambo, midzi, ndi msewu wochokera pa Kamwendo kudzera pa Kapiri kunka ku Kasungu.

Malo achinayi ndi manda. M'midzi yambiri ya Achewa msitu wa kumanda ndiwo wokha wotsala ndi mitengo ikuluikulu, chifukwa mwambo suloleza kudulamo mitengo wamba. Koma kumanda salowako chilowelowe, ndipo dambwe ndi malo oletsedwa kwa osavinidwa. Tiyenera kuima patali, m'njira ya anthu onse, ndi kuwauza ana kuti ayerekeze kutalika kwa mitengo ya mumsituwo ndi ya m'minda yozungulira. Apo adzaona ndi maso awo mmene dziko lonse linkaonekera agogo awo ali ana.

Palinso malo awiri akutali oyenera kuwadziwa. Nkhalango ya boma ya Mchinji, imene inatetezedwa mu 1924, iri m'mapiri a kumalire a Zambia, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 20,000. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a Mchinji, n'kukathira m'nyanja ya Malawi utadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kumene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana. Kulowa m'nkhalango ya boma kumafuna chilolezo cha ofesi ya zankhalango ya paboma. Malo enawo ndi nkhalango ya nyama ya Kasungu, ya masikweya kilomita 2,316, imene inakwezedwa kukhala paki mu 1970, ndipo mu 2022 inalandira njovu 263 zochokera ku Liwonde. Ulendo wa kumeneko ukatheka ndi wabwino, koma umapindulira kwambiri ana amene anaphunzira kale kupenyetsetsa m'tchire la kwawo. Osazolowera amangofunsa za njovu, ndipo njovu zikapanda kuoneka amabwerako akuti sanaone kanthu.

Kukonzekera

Ulendo wathu woyamba unalephereka, ndipo cholakwa chinali chathu. Tinanyamuka dzuwa liri pamutu ndi kalasi lonse pamzere umodzi, ana akuimba, ife tisanayendepo njirayo. Mbalame zinathawa tisanafike, ndipo tinabwerako ndi ludzu lokha. Kuchokera pamenepo timatsata mfundo izi:

1. Mphunzitsi ayambe wayenda yekha njirayo, asankhe malo atatu kapena anayi oimapo, ndipo adziwe nthawi imene ulendo udzatenge. Kupita ndi kubwera kusapitirire maola awiri.

2. Apemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, kwa nyakwawa, ndi kwa mwini malo. Makolo adziwitsidwe tsiku lisanafike.

3. Apemphe munthu wamkulu wa m'mudzi wodziwa thengo kuti atsagane nawo, monga mlimi wa njuchi, mayi wodziwa bowa, kapena wa m'komiti ya nkhalango. Ambiri a ife tinakulira kwina, ndipo maina a mitengo amasiyana malinga ndi dera. Mphunzitsi sachepa pofunsa pamaso pa ana; amawaonetsa mmene munthu amaphunzirira.

4. Agawe ana m'magulu a anthu asanu ndi atatu kapena khumi, gulu lirilonse ndi mtsogoleri ndi mlembi wake. Kalasi likakhala lalikulu, lipite theka lero, theka mawa.

5. Zipangizo zikhale zopezeka pomwepo: kope, pensulo, chingwe cha mamita 20 chomangidwa mfundo pa mita iriyonse, ndodo ya mita imodzi, manyuzipepala akale oikamo masamba, ndi madzi akumwa.

6. Malamulo anenedwe tisananyamuke. Wina asapisa dzanja kuuna kapena pansi pa mwala. Wina asalawa chipatso kapena bowa wamkulu asanavomere, pakuti safunsa anadya phula. Malegeni atsale kunyumba, mazira ndi zisa zisakhudzidwe. Woona njoka aime chiriri, auze anzake, ndipo onse abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono. Ana ayang'anitsitse pomwe akuponda, chifukwa mphiri siithawa munthu. M'madzi osayenda a m'dambo asalowemo, kuopa likodzo.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa kusanatenthe. Pa malo alionse oimapo ana akhale pansi chete kwa mphindi zisanu asanachite china chirichonse. Poyamba adzaseka ndi kugwedezana, koma akazolowera adzaona kuti thengo limene linali zii layambanso kulankhula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo phunziro lonseli lagona pamenepo.

Ntchito Yoyamba: Kuwerenga Mitengo ndi Zitsa

Gulu lirilonse lipime malo a mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi, ndi kuzika zikhomo m'makona. M'kati mwake ana awerenge zinthu zitatu: mitengo yoposa msinkhu wa mphunzitsi, zitsa zophukira, ndi zitsa zouma. Mlembi alembe dzina la mtengo uliwonse monga mkulu uja watchulira, ndipo pa mtundu uliwonse atengepo tsamba limodzi lokha.

Malo amenewa ndi masikweya mita 400, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 25 a hekitala. Tiyerekeze kuti gulu lapeza zitsa 12. Pamenepo hekitala yonse ingakhale ndi zitsa pafupifupi 300. Kunenepa kwa mtengo tingakupeze pozunguliza chingwe pa thunthu, pa msinkhu wa chifuwa, ndi kugawa muyesowo ndi 22/7. Kutalika tingakupeze ndi mthunzi: ngati ndodo ya mita imodzi iri ndi mthunzi wa mamita 2, mtengo wa mthunzi wa mamita 18 ndi wotalika mamita 9. Motero masamu a Sitandade 7 ndi 8 apeza ntchito yeniyeni.

Tikatha kuwerenga, tifunse mafunso ofuna kuganiza. Kodi n'chifukwa chiyani misuku ina siibala chaka ndi chaka? Yankho lake ndi lakuti msuku uli ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo wodula yaimuna yonse poyesa kuti njopanda ntchito amachepetsa masuku. Kodi n'chifukwa chiyani bowa monga manyame ndi ndelema samera m'munda wa chimanga? Chifukwa bowa ameneyu amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ya m'thengo monga mombo, mtondo ndi msuku: amapatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo mtengo umampatsa chakudya chopangidwa m'masamba. Mitengoyo ikazulidwa, bowa amathera pomwepo. Utale ndi wosiyana, chifukwa umamera pa chulu, kumene chiswe chimaulima m'kati. Ana amene amayi awo amayenda mtunda wautali kukafuna bowa amaimva msanga mfundo imeneyi.

Ntchito Yachiwiri: Kuwerenga Mapazi

Nyama zimene zatsala pafupi ndi midzi zimayenda usiku, ndipo tisalonjeze ana kuti adzaziona. Chimene tingawaphunzitse ndi kuzindikira zimene zasiya. Madzulo gulu limodzi lisalaze mchenga kapena phulusa pa malo a mita imodzi, m'kanjira kotsikira kumadzi, ndipo m'mawa mwake likaone ndi kujambula mapazi m'kope.

Phazi la gwape ndi kaziboda kogawanika, kosongoka kutsogolo, kocheperapo poyerekeza ndi ka mbuzi. La fisi limaonetsa zikhadabo, ndipo lakutsogolo ndi lalikulu kuposa lakumbuyo. Nyama za mtundu wa mphaka siziwonetsa zikhadabo, chifukwa zimazibisa poyenda. Ndowe za fisi zimayera zikauma chifukwa cha mafupa amene amadya. Fungwe amachita chimbudzi pa malo amodzimodzi, ndipo pamenepo timapezapo njere za zipatso ndi zigoba za bongololo. Apa ana angaone okha mmene nyama zimafalitsira mbewu za mitengo. Munga wa nungu wogwa m'njira, ndowe zobulungira za kalulu, ndi timibulu ta ubweya ndi timafupa ta mbewa timene kadzidzi amalavula pansi pa mtengo wake, zonsezi ndi umboni. Mwana aphunzire kusiyanitsa chimene waona ndi chimene akuganiza. Alembe kuti, "Ndaona phazi logawanika la masentimita 3," kenaka, "Ndiganiza kuti ndi gwape." Sayansi imayambira pa kusiyanitsa kumeneku.

Ntchito Yachitatu: Kumvetsera Mbalame

Mbalame zimamveka zisanaoneke. Ana atseke maso, ndipo aliyense atukule chala akamva kulira kwatsopano. Njiwa, pumbwa, nkhwali, nkhanga ndi nthengu ambiri amazidziwa kale. Gogomole amadziwika ndi kugogoda kwake pa mtengo wouma, kumene amafuna mphutsi ndi kuboola chisa. Tifunse mkulu uja kuti anamumva liti komaliza nang'omba akulira mbandakucha. Mbalame imeneyi imaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu, ndipo imalera mwana mmodzi yekha pa nthawi, kawirikawiri patapita zaka zingapo, kotero imasowa msanga kumene mitengo yakale yatha.

Nkhani ya nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku njuchi, ana ena amaiyesa nthano. Koma mu 2016 akatswiri otsogozedwa ndi Claire Spottiswoode anafalitsa zimene anapeza pakati pa Ayao ofula uchi m'nkhalango ya Niassa, ku Mozambique. Iwo anaona kuti alenje akamaitana mbalameyi ndi kaitanidwe kawo ka makolo, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 mwa maulendo 100 alionse. Munthu amatenga uchi, mbalame imadya phula. Ndi bwino ana adziwe kuti nzeru za agogo awo zinayesedwa ndi sayansi ndipo zinapezeka zoona.

Kutsata Nyengo

Ulendo umodzi pachaka sukwanira. Njira yomweyo iyendedwe kanayi, ndipo zoona zilembedwe pa tchati chimodzi cha pakhoma. Mu Sepitembala ndi Okutobala mombo ndi tsamba zimaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, pogwiritsa ntchito madzi ndi chakudya cha m'mizu yake. Nyenje zimalira, ndipo anamzeze ochokera ku Ulaya amayamba kufika. Mu Novembala ndi Disembala masuku apsa, inswa zituluka pa chulu, achule ayamba kulira m'dambo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya bowa ndi maluwa, koma udzu umakhala wautali ndipo madambo amadzaza, choncho tiyende m'njira zodziwika zokha. Mu Meyi, Juni ndi Julayi udzu wauma, mapazi amaoneka bwino pa fumbi, ndipo moto wa m'tchire umayamba.

Pa nkhani ya moto tiri ndi umboni wakale. Kuyambira mu 1933 akatswiri a nkhalango ku Ndola, m'dziko la Zambia, anagawa thengo la mombo m'zigawo: zina ankazitentha udzu usanaumitsitse, zina kumapeto kwa chilimwe, zina osazitentha konse. Patapita zaka, zigawo zotenthedwa mochedwa zinataya mitengo ya mombo, n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa, pamene zotenthedwa msanga zinasunga mitengo yake. Ana angayerekeze okha mphukira za malo opsa mu Okutobala ndi za malo osapsa. Ambiri mwa anyamata amene amayatsa tchire posaka mbewa ali m'makalasi mwathu momwemo.

Pobwerera M'kalasi

Ulendo usathere pakhomo la sukulu. Tsiku lomwelo gulu lirilonse lifotokoze zimene lapeza. Masamba aumitsidwe m'manyuzipepala, amatidwe pa mapepala, ndipo pansi pake palembedwe dzina, malo, tsiku ndi ntchito ya mtengowo: luzi la mombo, matabwa a mlombwa, matondo a pa mtondo. M'phunziro la Chichewa ana alembe chimangirizo cha ulendowo, ndi kusonkhanitsa miyambi ndi zirapi zotchula nyama ndi mitengo. M'phunziro la za malo ajambule mapu a njira yawo. Mabukuwa asungidwe, kuti ana a chaka chamawa adzawerenge mitengo pa malo omwewo ndi kuyerekeza. Sukulu yofuna kupitiriza ingayambitse kalabu ya zachilengedwe ndi kulumikizana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947. Pa nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, sukulu ipemphe kachigawo ka tchire kuti izikasamalira: kulambula njira yotchinga moto, ndi kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chirichonse. Chitsa chiri ndi mizu kale, motero sichifuna kuthirira ngati mbande.

Chenjezo kwa Mphunzitsi

Pakati pa ana athu pali ena amene atate awo amaotcha makala, ndipo ndalama za makalawo ndizo zinagula kope limene mwanayo akulembamo. Palinso ena amene abale awo a kufupi ndi paki ya Kasungu anaonongeredwa minda ndi njovu. Tikaimirira pa chitsa ndi kuyamba kudzudzula odula mitengo, mwana wotere amagwetsa nkhope, ndipo phunziro lamutayika. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kuona, kuwerenga ndi kufunsa. Afunse kuti thengo limeneli limapatsa chiyani banja lake likakhala chiimire, ndipo limapatsa chiyani likadulidwa kamodzi. Angamvenso kuti kuyambira mu 1990 anthu ozungulira paki ya Kasungu analoledwa kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo m'nkhalangomo, pofuna kuti aone phindu la kuisunga. Chigamulo adzachipanga yekha akadzakula, pamene adzakhala mwini munda, membala wa komiti, kapena nyakwawa.

Mawu Otsiriza

Tikupempha mphunzitsi aliyense wa kwa Dambe ndi madera oyandikana nawo kuti sabata ino ayende yekha ola limodzi kuchokera pa sukulu yake, alembe malo amene wapeza, ndipo akaonane ndi nyakwawa. Ulendo woyamba sudzayenda bwino m'zonse, monga wathunso sunayende. Wachiwiri ana adzakhala chete msanga, ndipo wachitatu adzayamba kumuonetsa mphunzitsi zinthu zimene iye sanazione. Amene ayesa njira imeneyi atilembere zimene apeza, makamaka maina a mitengo ndi mbalame monga amatchulidwira kwawoko, kuti tidzagawane ndi aphunzitsi anzathu m'masamba ano.